KUFUFUZA CIMENE CIDWALITSA ANTHU

Mlenje akapita kuchire mamawa sayenda cisawawa ai. Maso ace ali pansi. Akaona mapazi a nyama awerama nawapenyetsetsa, ndipo mapaziwo amuuza ngati yapitayo ndi gwape kapena nguluwe, ngati yapita usiku womwewu kapena dzana, ndiponso kumene yalowera. Nyamayo sanaione ndi maso, koma adziwa zambiri za iyo.

Matenda naonso asiya mapazi ao. Pali anthu amene nchito yao ndiyo kulondola mapazi amenewa kufikira atapeza kumene matendawo acokera. Anthuwa tiwacha ofufuza. Ena a iwo ndi madotolo a anthu, ena ndi madotolo a ziweto, ndipo ena ndi akatswiri oyesa madzi, dothi ndi mpweya.

Nchito imeneyi ndi yaikulu ndithu. Mwana akafa m'mudzi, nafanso wina mwezi womwewo, mitima ya anthu iwawa, ndipo ayamba kufuna munthu womuloza cala. Nkhalamba zambiri zosalakwa zinanenedwa kuti ndi mfiti, pamene cimene cinapha anawo cinali m'citsime ca mudzi. Ndipo pakuti citsimeco palibe anaciganizira, anthu anapitirira kumwa madzi ace, maliro osaleka. Cifukwa cace nkofunika kuti tiphunzire m'mene ofufuza agwirira nchito yao. Tiyamba ndi nkhani ya ku England, pambuyo pace tibwera kwathu kuno ku Kabwe.

Mpopi wa mu Broad Street

Pa 31 August, 1854, nthenda ya kolera inabuka mu mzinda wa London, ku dera lochedwa Soho. Pa masiku 10 okha anthu oposa 500 anafa. Masiku amenewo madotolo ambiri anali kukhulupirira kuti kolera idza ndi mpweya wonunkha wocokera ku zinthu zoola. Koma dotolo wina, dzina lace John Snow, anali kuganiza kuti nthendayi ilowa m'thupi ndi madzi akumwa.

Snow sanakangane ndi anzace. Anakatenga maina a anthu akufawo ku ofesi yolemba za imfa, nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Pa nyumba iriyonse anafunsa kuti wakufayo anali kumwa madzi a kuti. Pamenepo anaona kuti maliro ambiri anali m'nyumba zoyandikana ndi mpopi umodzi wa mu mseu wa Broad Street. Unali mpopi wopopa ndi manja, wonga umene tiuona pa mjigo. Pambuyo pace analemba mapu a deralo, naika kamzere kakuda pa nyumba iriyonse imene munafa munthu. Timizereto tinaunjikana mozungulira mpopiwo.

Koma panali zinthu zina zooneka ngati zotsutsa maganizo ace. Pafupi pomwepo panali nyumba yosungiramo amphawi 535, koma m'menemo munafa anthu 5 okha. Panalinso malo ofulira mowa a anthu a nchito 70, ndipo palibe mmodzi wa iwo anafa. Snow sanazibise zimenezi, koma anapita kukafunsa. Anapeza kuti nyumba ya amphawi inali ndi citsime cace cace, ndipo ofulula mowa sanali kumwa madzi a pa mpopi uja.

Anamvanso za mai wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene anafa ndi kolera pamene anansi ace onse anali bwino. Atafunsa, anamva kuti maiyo kale anali kukhala ku Broad Street, ndipo anali kukonda kukoma kwa madzi a kumeneko, kotero kuti ngolo inali kumtengera botolo la madziwo masiku onse. Zoonadi, cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

Snow anakafotokoza zonsezi kwa akulu a deralo, ndipo pa 8 September iwo anacotsa cogwirira ca mpopi kuti anthu aleke kutungapo. Iye mwini anabvomera kuti pa nthawiyo nthenda inali itayamba kale kucepa, pakuti anthu ambiri anali atathawa. Mbusa wina wa kumeneko, Henry Whitehead, poyamba sanamkhulupirire Snow, nayamba kufufuza yekha kuti amtsutse. M'malo mwace anapeza kuti khanda lina linadwala m'nyumba ya pafupi ndi mpopi, ndipo madzi ocapira matewera ace anatayidwa m'dzenje la zonyansa. Atakumba anaona kuti dzenjelo linali kudonthera m'citsime ca mpopiwo.

Anthu onse amene anafa anakwana 616. Snow anamwalira mu 1858, madotolo ambiri asanabvomere mau ace. Mu 1884 Robert Koch wa ku Germany anaonetsa poyera kacirombo ka kolera, alikugwira nchito ku India. Taonani kuti Snow analondola mapazi a nthendayi kacirombo kace asanakaone.

Kolera si nthenda ya kale yokha. Inabuka mu Lusaka mu October, 2023, ndipo bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Pa ciyambi ca 2024 sukulu za m'dziko muno zinacedwa kutsegulidwa cifukwa ca nthenda yomweyi.

Njira zisanu za wofufuza

Pa nkhani ya Snow tiphunzirapo njira zimene ofufuza atsata kufikira lero.

Yoyamba ndiyo kuwerenga. Kunena kuti "anthu ambiri adwala" sikukwanira. Wofufuza afuna kudziwa kuti ndi angati, a misinkhu yanji, ndipo anayamba liti.

Yaciwiri ndiyo kuona malo. Ayenera kudziwa kumene odwalawo akhala, kumene atunga madzi, ndi kumene ana ao asewera.

Yacitatu ndiyo kulinganiza. Ayang'ana odwala ndi osadwala omwe, nafunsa kuti asiyana pati. Anthu ofulula mowa aja, amene sanadwale, anamphunzitsa Snow zambiri monga anacitira akufawo.

Yacinai ndiyo kuyesa. Atenga madzi, dothi, mpweya kapena mwazi, nakazipima ndi makina kuti aone cimene ciri m'katimo.

Yacisanu ndiyo kucotsa cinthu cimene aciganizira, ndi kuona ngati matenda acepa.

Pa zonsezi wofufuza ayenera kukhala woona mtima. Zinthu ziwiri zikacitika nthawi imodzi, sindiko kuti cina cabala cinzace. Malungo aculuka m'nyengo ya cimanga caciwisi, koma cimanga sicidwalitsa malungo. Mvula ndiyo ikulitsa cimanga, ndipo mvula yomweyo isiya zithaphwi zoswaniramo udzudzu.

Mgodi wa ku Kabwe

Kolera igwetsa munthu tsiku limodzi, motero mapazi ace aoneka msanga. Koma ziripo zinthu zina zimene ziononga thupi pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, munthu osazindikira. Cimodzi ca izo ndi mtobvu.

Mtobvu ndi citsulo cofewa, cotuwa ndi colemera kwambiri. Muli mtobvu m'mabatire a galimoto, ndipo asodzi ena amanga timapande ta mtobvu ku maukonde ao kuti amire. Mu 1902 munthu wofuna miyala, dzina lace T. G. Davey, anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa malo amene lero pali mzinda wa Kabwe. Anawacha malowo Broken Hill, kutengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika kumeneko mu 1906, ndipo mzinda unakula. Mu 1921 anthu okumba anapeza m'mgodimo cibade ca munthu wakalekale, cimene tsopano cisungidwa ku London. Mu 1925 anatsegula malo opangira magetsi pa mtsinje wa Mulungushi kuti athandize nchito ya mgodi. Dzina lakuti Kabwe linalowa m'malo mwa Broken Hill mu 1966.

Mgodiwu unapatsa nchito anthu ambiri, ndipo zinki yace ndi ya mtundu womwewo umene akutira nao malata kuti asacite dzimbiri. Koma posungunula miyala m'ng'anjo, utsi wokhala ndi mtobvu unali kutuluka pa cumuni usana ndi usiku. Utsiwo unali kugwera pa madenga, pa mabwalo ndi m'minda. Zotsala za miyala anaziunjika pafupi ndi mgodi kufikira zinakhala ngati phiri. Panalinso ngalande yotulutsa madzi a mgodi, imene ipita m'mbali mwa nyumba za anthu, ndipo ikasefukira isiya matope ace m'mabwalo.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, utagwira nchito zaka ngati 90. Utsi unaleka, koma mtobvu sunacoke, pakuti mtobvu suola monga ziolera zinyalala zina. Ukhala m'dothi, ndipo m'cilimwe mphepo iuulutsa pamodzi ndi pfumbi.

Cimene mtobvu ucita m'thupi

Citsulo ceniceni thupi licifuna pang'ono kuti lipange mwazi, koma mtobvu ulibe nchito iriyonse m'thupi la munthu. Ulowa pa kamwa kapena pa mphuno, nupita m'mwazi. Pocokera m'mwazi ufika ku ubongo, ku ciwindi ndi ku impso, ndipo wina ubisala m'mafupa ndi m'mano, kumene ukhala zaka zambiri.

Amene apwetekedwa koposa ndi ana aang'ono. Khanda likwawa pansi, ndipo ciriconse cimene litola lipita naco kukamwa. Matumbo a mwana atenga mtobvu kanai kapena kasanu kuposa a munthu wamkulu. Ndiponso ubongo wace ukali kukula, motero usacedwa kuonongeka. Mai wapakati amene ali ndi mtobvu m'thupi aupatsira mwana wace asanabadwe.

Mtobvu ukaculuka kwambiri mwana amva m'mimba kupweteka, asanza, acepa mwazi, akomoka, ndipo angathe kufa. Ukakhala wocepa, mwana aoneka wabwinobwino, koma nzeru zace sizikula monga zikanakulira. Ici ndico cobvuta, pakuti mai sangauone mtobvu poyang'ana nkhope ya mwana. Uoneka pokhapokha akapima mwazi.

Poyesa mtobvu m'mwazi madotolo awerenga ndi kamuyeso kakang'ono kochedwa microgram. Mukagawa gramu imodzi m'zigawo 1,000,000, cigawo cimodzi ndico microgram. Awerenga timiyeso timeneti m'mwazi wa mamililita 100, umene sufika ndi theka lomwe la kapu ya tiyi. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe muyeso wa mtobvu umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Muyeso ukafika pa 5, ayenera kufuna kumene mtobvuwo ucokera ndi kuucotsa. Ukafika pa 45, mwana afunika mankhwala a ku cipatala otulutsa mtobvu m'thupi.

Mano a ana a sukulu

Kodi anthu anadziwa bwanji kuti mtobvu wocepa uononga nzeru? Kale madotolo anali kuganiza kuti mwana akapanda kukomoka ndiye kuti ali bwino. Dotolo wa ana wa ku America, Herbert Needleman, anakayika zimenezi. Bvuto lace linali lakuti mwazi uonetsa mtobvu wa masabata apitawa okha, pamene iye anafuna kudziwa mtobvu wa zaka zonse za ubwana. Mafupa ndiwo asunga mtobvu wakale, koma sungacotse pfupa la mwana wamoyo.

Pamenepo anakumbuka mano. Nonse mukumbuka m'mene mano anu a ubwana anagulukira muli m'makalasi oyamba. Needleman anapempha aphunzitsi a sukulu za pafupi ndi mzinda wa Boston kuti asonkhanitse mano otere. Ana oposa 2,000 anabweretsa mano ao, ndipo iye anapima mtobvu wa m'manowo. Anapemphanso aphunzitsi kuti ayankhe mafunso a khalidwe la mwana aliyense m'kalasi: ngati amvetsera, ngati atsiriza nchito yace, ngati atsata zimene auzidwa. Aphunzitsiwo sanadziwe mwana amene anali ndi mtobvu wambiri, kuopa kuti angayankhe mokondera.

Mu 1979 anafalitsa zimene anapeza. Ana a mtobvu wambiri m'mano anali osakhazikika m'kalasi, ndipo pa mayeso a nzeru anatsalira m'mbuyo. Koma anthu ena akanati, "Kapena anawo atsalira cifukwa makolo ao ndi osauka kapena osaphunzira." Needleman anaganizira zimenezi, nalinganiza ana a mabanja ofanana, ndipo kusiyana kunalipobe. Patapita zaka 11 anawafunanso ena a ana aja atakula, napeza kuti a mtobvu wambiri ndiwo anali kulephera kawirikawiri kutsiriza sukulu.

Masiku amenewo mtobvu anali kuuthira m'petulo, ndipo unali kutuluka ndi utsi wa galimoto. Nchito ya Needleman ndi ya ofufuza ena inathandiza kuti maiko aleke kucita zimenezi. Maiko a kuno kwathu kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka pa ciyambi ca 2006, ndipo dziko lotsiriza pa dziko lonse lapansi, Algeria, linaleka mu 2021. Petulo wotere atacotsedwa, mtobvu wa m'mwazi wa ana unatsika m'maiko ambiri. Imeneyi ndiyo njira yacisanu ija.

Ofufuza ku Kabwe

Ku Kabwe kufufuza kunayamba mgodi ukali kugwira nchito. Dotolo wina, A. R. L. Clark, anayesa mpweya, dothi ndi mwazi wa ana a m'makomboni ozungulira mgodi, nalemba zimene anapeza mu 1975. Anaona kuti ana a ku Kasanda ndiwo anali ndi mtobvu wambiri. Anapezanso mtobvu m'mwazi wa makanda obadwa kumene, wocokera kwa amai ao.

Cifukwa ninji Kasanda? Yankho liri m'mphepo. Ku Kabwe mphepo ikonda kuomba kucokera ca kum'mawa kunka ca kumadzulo. Kasanda ndi Makululu ali ku mbali imene mphepoyo ilowera itapitira pa mgodi, motero utsi ndi pfumbi zinali kutera kumeneko. Monga timizere ta Snow tinaloza mpopi, miyeso ya mwazi inaloza mgodi.

Zaka za pambuyo pace ofufuza a ku University of Zambia anagwirizana ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mmodzi wa iwo ndi Dr. John Yabe, dotolo wa ziweto. Poyamba anayesa nyama. Anapeza mtobvu m'makoswe, m'ng'ombe ndi m'nkhuku za kumudzi zimene zipalasa pansi. Nyamazi sizigwira nchito m'mgodi, cotero zinaonetsa kuti mtobvu uli m'dothi ndi m'pfumbi la malo amene anthu akhala.

Mu 2012 anapima mwazi wa ana 246 osafika zaka 7, a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana onsewo, osatsala ndi mmodzi yemwe, anapitirira muyeso wa 5. Ambiri anapitirira 45, ndipo wina anapitirira 400. Kumbukani kuti pa nthawiyo mgodi unali utatsekedwa zaka 18, ndipo palibe mwana mwa iwo amene anaona utsi wa ng'anjo.

Mu 2017 anapimanso anthu oposa 1,000, ana ndi makolo ao, a mbali zambiri za mzinda, zapafupi ndi zakutali. Kumeneku kunali kulinganiza. Anapeza kuti mtobvu uculuka mwa anthu okhala pafupi ndi mgodi, nucepa mwa okhala kutali, ndiponso kuti m'nyumba imodzi ana aang'ono ali nao wambiri kuposa akulu. Si Kabwe yense amene ali cimodzimodzi, ndipo kudziwa zimenezi kuthandiza kuti cithandizo ciyambire kumene cifunika koposa.

Wofufuza satenga mwazi wa mwana mwa mphamvu. Ayamba wafotokozera makolo cimene afuna kucita, ndipo iwo akabvomera ndipo apima. Maina a ana sawaulula. Makolo ena aopa akaona mlendo atenga mwazi, ndipo kuopa kwao nkomveka. Iwo ali ndi ufulu wa kufunsa kumene mwaziwo upita ndi kuuzidwa zimene zapezeka.

Cimene cacitika ndi cimene tingacite

Mbiri ya Kabwe inamveka kutali. Mu 2006, mu 2007 ndi mu 2013 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pakati pa malo 10 oipitsidwa koposa pa dziko lapansi. Boma, ndi ndalama zocokera ku World Bank, linayamba nchito yopima ana ndi kuwapatsa mankhwala. M'mabwalo a nyumba zina anacotsa kapena kukwirira dothi loipa, naikapo dothi labwino. Koma nchito yatsala yambiri. Mulu wa zotsala za mgodi ukalipo, ndipo anthu osauka apita kukakumba pamenepo kufuna zogulitsa. Mwana wolandira mankhwala akabwerera ku pfumbi lomwelo, mtobvu ulowanso m'thupi mwace. Kucotsa pfumbi lonselo ndi nchito ya boma ndi ya eni migodi, pakuti banja limodzi silingathe. Komabe pali zimene banja lingacite kuti mtobvu wolowa m'thupi ucepe.

Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo sambitsani ang'ono anu. Khanda liyalireni mphasa yoyera, lisakwawe pa dothi.

Musanasese wazani madzi pansi kuti pfumbi lisabuke. M'nyumba kolopani ndi nsalu yonyowa. Bzalani kapinga pabwalo, pakuti udzu ugwira dothi.

Tsukani bwino ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndipo bvundikirani cakudya ndi madzi akumwa.

Mwana asayambe tsiku ndi njala, cifukwa m'mimba mopanda kanthu mutenga mtobvu wambiri. Kapenta, nyemba, mazira, mkaka ndi masamba monga cibwabwa ndi bondwe, olimidwa pa dothi labwino, zithandiza thupi kukana mtobvu.

Amai apakati asadye dothi. Munthu wogwira nchito pa zotsala za mgodi asambe ndi kusintha zobvala asananyamule mwana.

Musasewere pa milu ya mgodi kapena m'ngalande yace. Ndipo kulikonse kumene mukhala, ngakhale kutali ndi Kabwe, musaswe mabatire akale a galimoto kapena kusungunula mtobvu wace pakhomo.

Dziwani ici bwino: kuwiritsa madzi kupha tizirombo ta kolera, koma sikucotsa mtobvu. Nthenda iriyonse iri ndi njira yace yoichingira, ndipo cifukwa cace tiyenera kuyamba tadziwa kumene icokera.

Pomariza, mnzanu akamacedwa kumva m'kalasi musamseke kapena kumucha cidzete. Simudziwa cimene thupi lace linakumana naco ali khanda. Mwana wotere angathe kuphunzira bwino akathandizidwa moleza mtima.

Snow anayamba nchito yace ndi kabuku, colembera ndi mafunso. Zimenezi inunso muli nazo. Akulu anati safunsa anadya phula, anatinso kuona maso a nkhono nkudekha. Dziko lathu liri ndi migodi yambiri ndi mizinda imene irikukula, ndipo lifuna anyamata ndi atsikana odziwa kuwerenga, kulinganiza ndi kunena zoona za zimene apeza.

Mau ofunika

Wofufuza: munthu wofunafuna coona ca cinthu mwa kufunsa, kuwerenga ndi kuyesa.

Kulinganiza: kuika zinthu ziwiri pamodzi kuti tione pamene zifanana ndi pamene zisiyana.

Mtobvu: citsulo cofewa ndi colemera cimene ciri ululu m'thupi.

Ng'anjo: malo osungunuliramo miyala kuti citsulo cituluke.

Mafunso

1. Kodi madotolo a ku London anali kuganiza kuti kolera idza ndi ciani mu 1854?

2. Nkhani ya mai wamasiye wa ku Hampstead inamthandiza bwanji John Snow?

3. Chulani njira zisanu za wofufuza.

4. Cifukwa ninji mtobvu upweteka ana aang'ono koposa akulu? Perekani zifukwa zitatu.

5. Cifukwa ninji Needleman anasankha mano m'malo mwa mwazi? Nanga anabisiranji aphunzitsi miyeso ya mtobvu?

6. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994. Fotokozani cifukwa cimene ana opimidwa mu 2012 anali ndi mtobvu m'mwazi.

7. Kodi kuwiritsa madzi kuthandiza pa nthenda iti, ndipo sikuthandiza pa ciani?

Nchito yocita

Lembani mapu a mudzi wanu kapena komboni yanu. Onetsani nyumba, zitsime, mijigo, zimbudzi ndi maenje a zinyalala. Yesani mtunda wa pakati pa citsime ndi cimbudzi ca pafupi naco. Uyenera kukwana mamita 30 kapena kuposa, ndipo cimbudzi cikhale kumunsi kwa citsime. Ikaninso mubvi woonetsa kumene mphepo ilowera m'cilimwe. Mukapeza cinthu cokayikitsa, auzeni aphunzitsi anu, kuti iwo akakambe ndi mfumu kapena a zaumoyo.